Mutu 6: Nota ya Kimika ndi phazi la a Manueli

1. Mediya imakoka

Pali bodza limene ana asukulu a ku Mandimba amapatsirana ngati chimfine. Amati, "Mediya imakoka." Akutanthauza kuti ukakhoza kwambiri phunziro limodzi, nota yakeyo, kapena kuti malikisi, imanyamula maphunziro ena onse amene unkawagonera tulo. Chaka chikatha amangophatikiza manota onse n'kugawa kuti apeze mediyayo, zikatuluka bwino kuvina kwayamba. Ine bodza limeneli limandikwiyitsa zedi.

Tadala, mwana wa a Manueli a ku Ngauma, anali mmodzi mwa olikhulupirira. Musaganize kuti anali mbuli. Ayi ndithu. Chipwitikizi ankalemba mpaka aphunzitsi kumakawerengera ana a makalasi ena. Chingerezi ndi Filozofiya ankangomwa ngati madzi. Koma Kimika, mayo ine! Nthawi yake ikakwana, mtsikanayu ankanyamula kope lake n'kusamukira pa benchi la kumbuyo, pafupi ndi zenera.

Kumbuyoko n'kumene anapangana malonda ndi mnzake Lurdinha, mtsikana wa ku Cuamba amene ankakhala kwa azakhali ake ku Mandimba chifukwa cha sukulu. Lurdinha mutu wake unali wa manambala okhaokha. Malonda ake anali otere: Tadala azilembera Lurdinha zimangirizo za Chipwitikizi, Lurdinha azichitira Tadala ntchito zonse za Kimika zokalembera kunyumba. Anachita zimenezi kalasi ya 11 yonse, n'kupitiriza kalasi ya 12, osachita nazo manyazi n'komwe.

A pulofesolo Hamisse, mphunzitsi wa Kimika, sanali akhungu.

"Tadala," anatero tsiku lina ana onse akumva, "ntchito wandipatsayi ndi yokhoza, koma dzanja lokha ndi lako. Mutu wake ndikuudziwa. Tamvera. Ine sindikukwiya kuti ukundinamiza, chifukwa malipiro anga satsika ndi bodza lako. Chikundiwawa n'chakuti ukudzibera wekha. Nota yobwereka ikutulutsa pakhomo la sukulu ino, sindikukana. Koma kunjaku kuli makomo ena amene safunsa kuti mediya yako ndi ingati. Amafunsa kuti Kimika unapeza ingati, payokha, popanda Chipwitikizi choibereka kumsana. Tsiku limenelo udzacheuka kufuna Lurdinha, iye ali pa mzere wake."

Ana anaseka. Tadala nayenso anaseka, n'kunong'oneza mnzake kuti, "Asiye alankhule. Mediya imakoka."

Tsiku lomwelo a Hamisse anandanda matambula pa tebulo, akuonetsa kasungunulidwe ka mankhwala m'madzi. Tadala sanadzutse mutu. Anali kalikiliki kulembera Lurdinha chimangirizo.

Mayeso omaliza a Kimika analemba yekha, ndipo zimene anapeza sizinenedwa pagulu. Koma manota obwereka a m'kati mwa chaka anamukokera mpaka 10, pamzere penipeni pokhozera. Mediya ya maphunziro onse inatuluka 14 pa 20. Tadala anathamanga mpaka kumsika akufuula kuti, "Ndinanena ine!"

2. Mankhwala akachuluka

Sukulu itatha anabwerera kwawo ku Ngauma, n'kupeza bambo ake akutsimphina. A Manueli anaponda chitsa chosongoka m'munda wa fodya, ndipo chilonda cha pansi pa chidendene chinkakana kupola. Namwino wa pa chipatala chaching'ono cha kwawoko anawapatsa mapiritsi akuda otchedwa peremanganato. Anati aziponya limodzi m'beseni lodzaza madzi n'kuviikamo phazi.

Ntchitoyi Tadala anailanda yekha, poti ndiye wophunzira wa pakhomopo. Ndipo tisamunamizire, ankaigwira ndi mtima wonse. Ankatsuka phazi la bambo ake osakwinya nkhope, n'kulipukuta pang'onopang'ono. Koma poona kuti chilonda chikuchedwa, anakagula mapiritsi ena ku Mandimba n'kuyamba kuponya atatu, kenako anayi, madzi n'kumachepetsa.

"Akuwawatu awa, mwana wanga," a Manueli ankatero akuluma mano.

"Ndiye kuti akugwira, ababa. Mankhwala akachuluka amapha tizilombo msanga."

Masiku omwewo wailesi inalengeza kuti sukulu ina ya zaumoyo ya ku Nampula yatsegula maphunziro osamalira mapazi, ndipo olembetsa abwera ku Cuamba. Tadala anadumpha. Ntchito yake inali imeneyi basi! A Manueli anauza tchalitchi chonse kuti mwana wawo akukakhala dotolo wa mapazi. Koma m'mawa womuperekeza pamsewu anamuuza zoona zake.

"Tadala, undimvetse bwino. Ine ndi phazi ili kumunda sindingathenso ngati kale. Ukalowa sukulu chaka chino, amalume ako alonjeza kundigwirira fodya mpaka umalize. Ukapanda kulowa, khasu langa likhala lako. Sindikukuopseza ayi. Ndikungokuuza mmene zinthu zilili pakhomo pano."

"Ndi 14 angandikane ndani, ababa?" anatero Tadala, n'kukwera shapa, kaminibasi kopita ku Cuamba.

3. Tebulo la Dona Amélia

Ku Cuamba olembetsa anabwereka chipinda pa sukulu ina. Mzere wa achinyamata unali wautali, dzuwa likuswa mtengo. Pa tebulo panali Dona Amélia, namwino wachikulire amene ankaphunzitsa pa sukulu ya ku Nampulayo. Mafunso omwewomwewo anali atawatopetsa, ndipo nkhope yawo sinkabisa.

Tadala anatulutsa setifiketi mu envelopu n'kuiyala monyadira. Dona Amélia anatenga pepala loyera n'kuphimba chapamwamba ponse, n'kusiya mizere itatu yokha.

"Dona, mwaphimbatu pabwino pake!"

"Ndaphimbapo si pathu. Ife timawerenga atatu: Biyolojiya, Fizika ndi Kimika. Biyolojiya uli ndi 12, Fizika 11, Kimika 10. Phatikiza."

"33."

"Gawa patatu."

Tadala anawerengera pa zala. "11."

"Ife timafuna 12. Wotsatira!"

"Dikirani kaye, Dona! Mediya yangatu ndi 14!"

"Mediya imeneyo ukaonetse amene akufuna wolemba ndakatulo."

"Imodzi yokha imeneyi? Chotsaniko pa Chipwitikizi, ndili ndi 18 kumeneko!"

Dona Amélia anavula magalasi n'kupukusa mutu. "Ana inu mundidwalitsa mutu. Kodi ukuyesa ndi tomato, woti ndichotse pa mulu uwu ndiike pa mulu uwo? Kuyambira m'mawa ndikungomva nyimbo yomweyi. Amakuphunzitsani ndani masamu amenewa?"

Kumbuyo kwa mzere wina anaseka. Tadala anapsa mtima, koma sanachoke.

"Ndiye palibe njira ina?"

"Ilipo. Lamulo lathu limalola kubwereza mayeso a phunziro limodzi kalembera asanatsekedwe. Amalembetsa konkuno, n'kulembera konkuno. Koma nota yakale sitifufuta. Timaphatikiza yakale ndi yatsopano n'kugawa pawiri. Kuti atatu aja afike 12, Kimika yako iyenera kukwera mpaka 13. Ndiye kuti pa mayeso obwereza upeze 16."

"16? Pa Kimika?" Tadala anagwira m'mutu. "Koma Dona, Kimika ikukhudzana bwanji ndi phazi? Ine phazi ndimalidziwa kale. Chilonda cha bambo anga ndimatsuka ndine tsiku ndi tsiku."

"Umatsuka ndi chiyani?"

"Peremanganato."

"Madzi ake amaoneka bwanji?"

"Akuda bii, ngati inki. Ndimaponya mapiritsi anayi kuti agwire bwino."

Dona Amélia anamenya tebulo.

"Anayi! Mwana iwe, ukufuna kupsereza bambo ako? Tamvera, ndipo nonse muli pamzerepo mumve. Mankhwala amenewo akasungunuka m'madzi ambiri amathandiza chilonda. Akachuluka amatentha khungu ngati phulusa lamoto. Madzi oyenera amangofiirira pang'ono, oti ukaponya kandalama kachitsulo pansi pa beseni ukaone bwinobwino. Zimenezo ndiyo Kimika imene ukuti sikukhudzana ndi phazi. Mukuyesa timawerenga maphunziro atatuwa kuti tikuzunzeni? Munthu wa chilonda sadzakufunsa kuti Filozofiya unapeza ingati. Adzangotambasula mwendo n'kukukhulupirira. Ukalakwitsa muyeso, nota yako siimva kuwawa, amamva ndi iyeyo. Pita kwanu, ukataye madzi amenewo, ndipo bambo akowo ukawaonetse kuchipatala. Wotsatira!"

Munthu wanzeru akanathokoza. Tadala ananyamula setifiketi yake mokwiya n'kutuluka akung'ung'udza kuti mayi amenewa angofuna kumuchititsa manyazi pagulu. Kodi namwino wa kwawo uja sanawapatse yekha mapiritsiwo? Za piritsi limodzi zija anaziiwala dala.

4. Malonda akale

Tadala anakapeza Lurdinha pafupi ndi siteshoni ya sitima, pomwe ankagulitsa kiredito, mayunitsi a foni, pansi pa ambulera. Anakumbatirana, kenako Tadala anakhuthula zonse: pepala lophimbira lija, 11, 12, mpaka 16. Za beseni sananene.

"Ndiye ukulirira chimenechi?" anatero Lurdinha akuseka. "16 ine ndimapeza ndili m'tulo."

"Iwe ndiwe iwe. Nanga ine?"

"N'chimene ndikunenacho. Kodi malonda athu aja anatha? Mayesowo amalembera kuno ku Cuamba, kopanda wodziwa nkhope yako. Pa khadi lolowera amamata chithunzi chimene wawapatsa. Ndipereka changa, dzina likhale lako. Ndikalowa, ndikalemba, ndikatuluka. Iwe ungokonza chikwama cha ku Nampula."

"Akatigwira?"

"Atigwira ndani? Ku Mandimba anatigwirapo?"

Lurdinha sanali mtsikana woipa mtima, ndipo pamenepa m'pamene pamavutira. Ankaona kuti akuthandiza mnzake, monga mnzakeyo anamuthandizira pa Chipwitikizi. Sankafuna kalikonse.

Tadala anayang'ana njanji. Anakumbukira khasu la bambo ake litatsamira pa chigafa cha fodya.

"Ndikaganize kaye kunyumba," anatero.

"Kaganize. Koma envelopuyo isiye kuno, ingakanyowe mu shapa."

Ndipo anaisiya! Setifiketi, fotokope ya chiphaso, zonse anasiya m'manja mwa Lurdinha. Tandiuzani inu amene mukuwerenga: munthu amene akukaganizadi amasiya envelopu? Anagona kwa makolo a Lurdinha, m'mawa mwake n'kukwera shapa yobwerera.

5. Beseni

Anafika kwawo dzuwa litapendeka. A Manueli anali pakhonde, phazi lili m'beseni, nkhope ili thukuta lokhalokha.

"Wabwera, dotolo wanga! Usadandaule, sindinadumphe tsiku. Ndasungunula ndekha monga unandiphunzitsira. Anayi."

Tadala anaima. Madzi anali akuda bii. Anafuna kulowa m'nyumba osanena kanthu, koma mawu a Dona Amélia anamukaniza. Anapisa m'thumba, anatulutsa kandalama kachitsulo kamene kanatsala pa shapa, n'kukaponya m'beseni. Kanangoti thibu, osaonekanso.

Anagwada n'kutukula phazi la bambo ake. Aka kanali koyamba kuliyang'ana osati ngati dotolo wodziwa kale zonse. Kuzungulira chilonda khungu linali litasupuka, pena pali matuza, pena pofiira ngati nyama yaiwisi. Chitsa chija chinalasa malo amodzi okha, pansi pa chidendene. Zinazi sizinali za chitsa.

Ananyamula beseni n'kukakhuthula kuseri kwa nyumba.

"Aa! Watani iwe? Mankhwala ako omwe?"

Tadala anabwera ndi madzi oyera n'kuyamba kutsuka phazilo, misozi ikugwera m'beseni momwemo. "Ababa, ndakhala ndikukuotchani. Limayenera kukhala piritsi limodzi, m'madzi ambiri. Tinaphunzira zimenezi kusukulu, koma ine sindinkamvetsera."

Atayamba sanathenso kusiya. Anafotokoza za benchi la kumbuyo, za ntchito zimene Lurdinha ankamulembera, za 11 ndi 16. Pomaliza anaulula za envelopu ndi chithunzi.

A Manueli anayang'ana phazi lawo. Kenako analankhula mwaukali.

"Ndiye nthawi yonseyi ndakhala ndikuluma mano, ndikumati mwana wanga anaphunzira, akudziwa chimene akuchita. Likamawawa ndimadzidzudzula ndekha kuti ndine wamantha. Kutchalitchi ndinaimirira ndi phazi lomweli kukunyadira! Zimenezo ndakhululuka, chifukwa sunachite dala. Koma za Lurdinhazi, Tadala, zandiwawa kuposa chilondachi. Ine ndine bambo ako, ukandiotcha ndikudandaulira pakhonde pano, nkhani n'kuthera pomwepa. Nanga anthu a eni ake? Ukalowa sukulu imeneyo ndi mutu wa mnzako, mapazi awo udzawagwira ndi manja a ndani? Kapena Lurdinha adzakhala pansi pa bedi la wodwala aliyense kumakunong'oneza muyeso? Khasu lija ndinanena, ndipo sindikubweza mawu. Koma kuli bwino ndikuone ukulima fodya moyo wako wonse kusiyana n'kumva kuti mwana wa Manueli wadulitsa munthu mwendo."

"Mayesowo ndikalemba ndekha, ababa."

"16 uipeza?"

"Sindikudziwa."

"Eya. Lero lokha wayankha zoona."

"Mawa ndikuperekezani kuchipatala," anatero Tadala akupukuta maso. "Tikachoka kumeneko ndipita ku Mandimba kwa a pulofesolo Hamisse, ndikawapemphe andiphunzitse kuyambira pachiyambi. Akandithamangitsa ndikakhala pakhomo pawo mpaka atope nane."

"Yamba wauza mnzakoyo. Pompano."

Kumudziko foni imagwira pa chulu cha kuseri kwa chigafa basi. Tadala anakwera pamwamba pake n'kuimba. Lurdinha anayankha mwansangala, phokoso la sitima likumveka kumbuyo.

"Lurdinha, zija zisiye. Ndaganiza. Ndilemba ndekha."

"Iii, amwali, wachedwatu! Ndinaona kuti mzere ukukula, ndiye ndapita m'mawa womwe uno utangokwera shapa. Pa tebulo panali munthu wina, osati Dona wako uja, ndiye ndakulembetsa kale."

"Wandilembetsa bwanji?"

"Monga tinapanganira. Khadi ndili nalo m'manja muno. Dzina ndi lako, chithunzi ndi changa, ndipo adinda kale chidindo pamwamba pake. Ati munthu salembetsa kawiri. Halo? Tadala? Bwanji sukuthokoza?"

Tadala anatsitsa foni pang'onopang'ono.

Kuchokera pakhonde, a Manueli anakweza mawu.

"Wamuuza?"